NDEMANGA: OKALAMBA OKHALA NDI HIV ASASIYIDWE OKHA NDI MAGANIZO AO

Mwezi wa October uli ndi masiku awiri amene maiko a dziko lonse lapansi anawapatula. Pa 1 October anthu amakumbukira okalamba, ndipo pa 10 October amakumbukira za umoyo wa maganizo. Masiku awiriwa amakumbukiridwa padera, lirilonse ndi nduna yace ndi zolankhula zace, koma m'midzi ya Zambia muli anthu amene nkhani ziwirizi zinakumana pa iwo. Amenewa ndi amai ndi abambo opitirira zaka 50 amene ali ndi kacirombo ka HIV, amene akumwa mankhwala ao mokhulupirika, koma mitima yao njolema ndi cisoni cimene sicicoka. Anthu otere sapita pa wailesi kukadandaula ndipo salemba makalata ku Boma. Cifukwa ca ici, vuto lao lakhala likukula popanda wina kulichula.

Mbadwo umenewu ndi womwe unaona zoopsa zonse ndi maso ao. Matenda a Edzi anapezeka koyamba mu Zambia m'caka ca 1984. M'caka ca 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza mtundu wonse poyera kuti mwana wace wamwamuna anamwalira ndi matendawa, panthawi imene ngakhale kuchula dzina la matendawo pamaliro kunali kocititsa manyazi. M'caka ca 1990 Winstone Zulu anakhala munthu woyamba m'dziko muno kunena pagulu kuti ali ndi kacirombo. M'zaka zimenezo kunalibe mankhwala, ndipo midzi inkaika maliro sabata ndi sabata. Ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za Boma m'caka ca 2002, ku University Teaching Hospital mu Lusaka ndi ku Ndola Central Hospital, ndipo m'caka ca 2005 Boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linacotsa malipiro onse kuti wosauka nayenso amwe. Mai amene anayamba kumwa mankhwala m'caka cimeneco ali ndi zaka 40 anakwanitsa zaka 60 m'caka ca 2025. Ambiri otere anali atagawa kale zovala ndi ziwiya zao poyembekeza imfa, koma lero ali ndi imvi ndi adzukulu.

Ici ndi cipambano cacikulu ndipo mtundu uyenera kucinyadira. Kufufuza kwa ZAMPHIA kwa m'caka ca 2021 kunapeza kuti anthu 11 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi HIV. Mwa anthu 100 okhala ndi kacirombo, 89 anali kudziwa kuti ali nako. Mwa odziwawo, 98 pa 100 alionse anali pamankhwala. Ndipo mwa omwa mankhwalawo, 96 pa 100 alionse kacirombo kanali katacepa kwambiri m'magazi ao. Kufufuza komweko kunaonetsa kuti kacirombo kamapezeka kwambiri pakati pa anthu opitirira zaka 40 kusiyana ndi pakati pa acinyamata. Tanthauzo lace nlakuti caka ndi caka mzere wa pa kiliniki ukudzala ndi anthu aimvi. Koma buku la ku kiliniki limalemba mapiritsi, sikelo ndi zotsatira za magazi. Za mumtima mwa wodwala kawirikawiri sizilembedwa paliponse.

Matenda a kuvutika maganizo ayenera kumveka bwino, cifukwa m'midzi amapatsidwa maina olakwika. Ena amati ndi ulesi, ena amati ndi kukalamba cabe, ena amati ndi misala, ndipo ena amathamangira kunena kuti munthuyo walodzedwa. Madokotala amati munthu ali ndi matendawa pamene kwa masabata awiri kapena kupitirira akhala wacisoni pafupifupi tsiku lonse, kapena pamene zinthu zimene zinali kumkondweretsa zaleka kumkondweretsa. Tulo timasowa kapena munthu amadzuka pakati pa usiku osagonanso. Nsima siikoma. Mphamvu zimatha, khasu limalema, ndipo munthu amayamba kudziona ngati katundu wolemetsa abale ace. Cisoni ca maliro cimapepuka pang'onopang'ono pamene miyezi ikupita, koma matenda awa sapepuka okha msanga, ndipo akhoza kukhala miyezi yambiri ngakhale zaka ngati palibe cithandizo.

Kwa okalamba matendawa amabisala m'thupi. Ambuya sadzanena kuti ali ndi cisoni, cifukwa analeredwa m'mwambo wakuti munthu wamkulu salira pamaso pa ana. Iwo adzanena kuti mutu ukuwawa, mtima ukugunda, msana wauma, thupi lonse lalema, kapena kuti akuganiza kwambiri. Ena amayamba kuiwalaiwala, kukwiya msanga ndi kukhala okha kuseri kwa nyumba. Akapita ku kiliniki amapatsidwa panado nkubwerera, ndipo pakapita sabata amabweranso ndi dandaulo lomwelo. Nasi wotopa akhoza kuwaona ngati munthu wovuta, pamene kwenikweni thupi likunena zimene pakamwa palephera kunena.

Pali zifukwa zomveka zimene wokalamba wokhala ndi HIV amagwidwira ndi matendawa kawirikawiri kuposa anzace. Coyamba ndi maliro ambiri amene anawaona. Pali amai amene anaika mwamuna, ana awiri kapena atatu ndi acibale ena m'zaka zocepa, ndipo sanapeze nthawi yolira cifukwa ana amasiye anali kudikira cakudya. Caciwiri ndi manyazi. Anthu ambiri akali kuganiza kuti HIV ndi matenda a acinyamata osadzigwira, motero munthu waimvi akaoneka pamzere wa ma ARV amaopa kuti anthu adzafunsa kuti pamsinkhu umenewo anali kucita ciani. Ena amabisa botolo m'denga kapena pansi pa mphasa kwa zaka zambiri, osauza ngakhale ana ao owabala. Ena amadumpha kiliniki ya pafupi nkupita kutali kumene sadziwika, kuononga ndalama ndi mphamvu zimene alibe. Cinsinsi cosungidwa zaka 20 cimalemera, ndipo cimamlekanitsa munthu ndi anthu omwe akanamthandiza.

Cacitatu ndi umphawi ndi katundu wa adzukulu. Mwambo unali wakuti ana amasunga makolo akakalamba, koma Edzi inatembenuza zinthu kotero kuti okalamba ndiwo analera ana a ana ao, ndipo ena tsopano akulera zidzukulutudzi pamene makolo ao ali ku Lusaka kapena ku Migodi kufuna nchito. Cilala ca m'caka ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, cinasiya nkhokwe zambiri zopanda cimanga. Munthu amene akumwa mankhwala m'mimba muli njala, ndipo ana akumuyang'ana kumaso, sagona usiku. M'caka ca 2025 dziko la America linacepetsa thandizo lace la zaumoyo ku maiko ambiri kuphatikizapo Zambia, ndipo mphekesera zakuti mankhwala adzatha zinafika mpaka m'midzi. Kwa wacinyamata imeneyi inali nkhani ya pa wailesi, koma kwa wokalamba amene anaona mmene anthu anali kufera mankhwala asanabwere, nkhaniyi inadzutsa mantha akale.

Cacinai ndi thupi lenilenilo. Wokhala ndi HIV akamakalamba amakumananso ndi BP, matenda a shuga, kufooka kwa impso ndi mafupa, ndi kuwawa kapena dzanzi m'mapazi. Matenda alionse amabwera ndi mapiritsi ace ndi tsiku lace la ku cipatala. Mankhwala ena a HIV nawonso amakhudza maganizo. Efavirenz, amene anthu ambiri anamwa kwa zaka zambiri, amadziwika ndi kubweretsa cizungulire, maloto oipa ndi cisoni kwa ena. Kuyambira m'caka ca 2018 anthu ambiri anasinthidwira ku piritsi lokhala ndi dolutegravir, limene nlamphamvu ndipo limavutitsa anthu ocepa, komabe ena limawasowetsa tulo. Munthu amene waona kusintha kotere asaleke mankhwala payekha. Auze a ku kiliniki, cifukwa nthawi zina kungosintha nthawi yomwera, kucoka usiku kupita m'mawa, kumathandiza.

Kuvutika maganizo ndi HIV zimakokerana pansi. Munthu amene wataya ciyembekezo amayamba kuiwala piritsi, kenaka amadumpha tsiku lokatenga mankhwala, kenaka amaleka kupita. Mankhwala akalekedwa, kacirombo kamaculukanso m'magazi, citetezo ca m'thupi cimatsika, ndipo cifuwa cacikulu ca TB ndi matenda ena zimapeza khomo. Kumwa modumphadumpha kukhoza kucititsa kuti kacirombo kazolowere mankhwala, ndipo wodwala afunike mankhwala ena odula ndi ovuta kupeza. Thupi likafooka, cisoni cimakulanso. Motero Boma limene linaononga ndalama zambiri kusunga moyo wa munthu kwa zaka 20 likhoza kumtaya cifukwa palibe amene anamfunsa funso limodzi lokhudza mtima wace.

Okalamba ambiri apeza okha njira zopirira, ndipo njira zina nzabwino kwambiri. Ena amalimba ndi pemphero ndi kuyimba m'kwaya. Amai a Cigwirizano, a Dorika ndi a m'miphakati ya Cikatolika akhala akuyendera odwala kuyambira kale, ndipo dziko lino liri ndi mbiri yabwino pa nchito imeneyi, pakuti cipatala ca Chikankata ca Salvation Army cinayamba kusamalira odwala Edzi kunyumba kwao m'caka ca 1987. Ena amalimba ndi dimba, mbuzi kapena nkhuku, cifukwa munthu amene ali ndi cinthu comudikira m'mawa amadzuka. Ena ali m'cilimba kapena m'gulu la anzao omwa ma ARV, monga magulu a Network of Zambian People Living with HIV/AIDS, bungwe limene linayamba m'caka ca 1996. Ena anauza munthu mmodzi yekha womdalira, mdzukulu kapena mnansi, amene amawakumbutsa piritsi nkhuku zikamalowa. Amene anacita zimenezi amadziwa kuti akale sananame ponena kuti mutu umodzi susenza denga.

Koma pali njira zina zimene zimaoneka ngati zothandiza pamene zikukumba manda. Abambo ambiri amathawira ku kacasu, amene amagonetsa usiku umodzi nkukulitsa cisoni m'mawa, kuononga ciwindi ndi kuiwalitsa mankhwala. Ena amadzitsekera m'nyumba, kuleka kupita kumaliro, ku chalichi ndi kumisonkhano ya mudzi. Ena amamvera alaliki onena kuti wapemphereredwa wacira ndipo ataye mapiritsi. Pemphero limalimbitsa mtima, koma ma ARV amangopondereza kacirombo osakapha, ndipo mankhwala akalekedwa kamabwerera. Enanso amasakaniza ma ARV ndi zitsamba kapena mankhwala ogula pamsika osauza nasi. Ngakhale mankhwala wamba a cilungulira ndi mapiritsi oonjezera magazi akhoza kucepetsa mphamvu ya dolutegravir ngati amwedwa panthawi yolakwika. Wokalamba aliyense popita ku kiliniki anyamule zonse zimene akumwa kuti a zaumoyo aziwone.

Nkhani yabwino njakuti kuvutika maganizo kumacira, ndipo kucira kwace sikudikira dokotala wamkulu wa ku Lusaka. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayamba nchito yochedwa Friendship Bench mu Harare m'caka ca 2006. Amai acikulire anaphunzitsidwa kukhala pabenci kunja kwa kiliniki, kumvetsera munthu wovutika, kumthandiza kuchula mavuto ace limodzi ndi limodzi, kusankha vuto limodzi lotheka ndi kupangana zocita sabata imeneyo. Ashona amacha matendawa kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopitirira. Kufufuza kofalitsidwa m'caka ca 2016 kunaonetsa kuti anthu amene anakhala pabenci maulendo okwana 6 anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira cithandizo ca masiku onse. Kumpoto kwa Uganda, Dr Etheldreda Nakimuli-Mpungu anayesa magulu a anthu okhala ndi HIV, amuna paokha ndi akazi paokha, okumana kamodzi pasabata kwa masabata 8 motsogozedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa, ndipo zotsatira zofalitsidwa m'caka ca 2020 zinaonetsa kuti ambiri anacira. Muno mu Zambia bungwe la StrongMinds linayamba nchito ya magulu okambirana m'caka ca 2019. Kwa amene matenda akula, aliponso mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline. Mankhwalawa amatenga masabata angapo asanayambe kugwira, ndipo kwa okalamba amafuna kusamala cifukwa ena amabweretsa cizungulire ndi kugwa.

Cimene ciyenera kuonedwa pa nchito ya ku Harare ncakuti ociritsa anali okalamba eni ace. Ici cikugwirizana ndi mau akale akuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mai amene wakhala ndi kacirombo zaka 20 ali ndi nzeru zimene palibe sukulu ingaphunzitse, ndipo akapatsidwa nchito yolangiza anzace, iye mwini amapezanso ulemu ndi cifukwa cokhalira ndi moyo.

Unduna wa Zaumoyo uli ndi mbali yaikulu. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'caka ca 2019, m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda limene linali kuona odwala maganizo ngati anthu ofunika kutsekeredwa. Lamulo nlabwino, koma cipatala cacikulu ca matenda a maganizo, Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, ciri mu Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 kucokera ku Chipata. Ambuya a ku Chadiza, Vubwi kapena Lundazi sadzafika kumeneko, ndipo dzina lokha la Chainama limawaopsa. Cithandizo ciyenera kupezeka pamalo omwewo pamene amatengera ma ARV. Nasi kapena mlangizi aliyense afunse wodwala wacikulire mafunso awiri: ngati m'masabata awiri apitawo wakhala wacisoni kapena wotaya mtima, ndiponso ngati zinthu zimene anali kukondwera nazo zaleka kumkondweretsa. Tsiku lomwelo ayezedwe BP ndi shuga, kuti asayende maulendo atatu pa nchito ya ulendo umodzi.

Ena adzanena kuti anasi ngocepa, mizere njaitali ndipo ndalama palibe, makamaka pamene thandizo lakunja lacepa. Mau amenewa ngoona, koma mafunso awiri satenga mphindi zambiri, ndipo benci pansi pa mtengo wa mango siligulidwa kunja kwa dziko. Kupereka mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi kwa amene ali bwino kwacepetsa mizere m'makiliniki ambiri, ndipo nthawi imene yapulumuka iyenera kupita kwa odwala ofooka. Palinso nzeru yocokera kwa anansi a ku Tete mu Mozambique, kumene m'caka ca 2008 anthu anayamba kupanga magulu a anthu 6 osinthana kukatengerana mankhwala. Magulu otere alipo mu Zambia, ndipo kwa wokalamba amapulumutsa miyendo ndi kumpatsa anzace okamba nao. Mtengo wosunga munthu pamankhwala oyamba ngocepa kwambiri pouyerekeza ndi mtengo womugoneka m'cipatala ca St Francis ku Katete kapena ca Chipata Central atadwala kwambiri.

Unduna woona za citukuko ca m'midzi ndi cisamaliro ca anthu nawonso uli ndi nchito. Ndalama zothandiza mabanja osauka za Social Cash Transfer zinayamba ku Kalomo m'caka ca 2003, ndipo m'caka ca 2007 boma la Katete linakhala malo oyesera kupereka ndalama kwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo. Makomiti a m'midzi olemba maina aonetsetse kuti wokalamba wodzitsekera m'nyumba sakudumphidwa cifukwa cakuti sanabwere kumsonkhano. Amene wagwidwa ndi matenda a maganizo ndiye woyamba kusowa pamsonkhano, ndipo ndiye wofunika thandizo koposa.

Mafumu ndi nduna zao ateteze okalamba ku mlandu wa ufiti. Mai wokalamba amene ana ace anatha ndi Edzi, amene amalankhula yekha ndi kuyenda usiku cifukwa ca kusowa tulo, ndiye amalozedwa cala kuti anadya ana ace. Malamulo a dziko lino amaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita zimenezi akhoza kuimbidwa mlandu. Mfumu ya mudzi imene ilola woombeza kuloza munthu wodwala yalephera nchito yace. Abusa ndi ansembe nawo anene paguwa momveka kuti kumwa mankhwala sikusowa cikhulupiriro, ndiponso kuti cisoni cosatha ndi matenda osati cimo.

Mbali yotsiriza ndi ya banja, ndipo imaposa zonse. Ana okhala m'tauni asaganize kuti kutumiza ndalama pa foni kwakwanira. Aimbe foni ndi kufunsa ngati amai akugona ndi kudya. Okhala pamudzi aone ngati khasu la ambuya lakhala masiku ambiri osagwidwa, ngati aleka kusamba, ngati mapiritsi m'botolo sakucepa. Wokalamba akaulula kuti ali ndi kacirombo, asamfunse kumene anakatenga. Adye naye m'mbale imodzi monga kale, pakuti HIV siyenda m'cakudya, m'kapu kapena m'moni wa m'manja. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, kapena kugawa katundu wace mwadzidzidzi, mau amenewo asatengedwe ngati nthabwala za ukalamba. Afunsidwe mosabisa ngati akuganiza zodzipha, cifukwa kufunsa sikumpatsa maganizowo koma kumamtsegulira pakamwa. Asasiyidwe yekha, mankhwala ophera tizirombo ta thonje, fodya ndi ndiwo za m'dimba atsekeredwe kutali, ndipo munthuyo aperekezedwe ku kiliniki tsiku lomwelo.

Anthu awa anasunga midzi pamene manda anali kudzala, analera ana amasiye amene lero ndi aphunzitsi, anasi ndi asirikali, ndipo anamwa mankhwala ao tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri monga anauzidwira. Mtundu unawapatsa zaka zoonjezera, ndipo tsopano uli ndi ngongole yoonetsetsa kuti zaka zimenezo sakuzikhala ali okha kuseri kwa nyumba. Cibale ndi fupa, siciola. Kiliniki ifunse, mfumu iteteze, mpingo uyendere, ndipo banja likhale pansi pamphasa ndi kumvetsera.